Fulashi yoyatsira kompyuta ndi hard drive yachiwiri: njira iti pa makina ati

Muofesi ya mpingo wathu ku Mabvuku, kuno ku Harare, muli kompyuta ya patebulo imene inagulidwa yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo m'menemo mumasungidwa kaundula wa ubatizo, mabuku a chopereka ndiponso zithunzi za misonkhano ya chigwirizano cha amayi za zaka zingapo. Mwezi wathawu bambo mlembi wa mpingo, amene ndi munthu wamkulu ndithu, anandiitana atagula hard drive ina ya 1 TB m'tauni. Anati: "Mwana wanga, ndamangirira chinthuchi mkatimu monga anandisonyezera wogulitsa uja, koma kompyuta sikuchiona. Kodi andipatsa chakufa?" Sichinali chakufa ayi. Hard drive yatsopano, kapena imene inafufutidwa zonse, siionekera pamene pamaonekera C: kufikira munthu ataigawa ndi kuifomata. Popeza makinawo analinso atayamba kuchedwa chifukwa cha mavairasi obwera ndi mafulashi a anthu, tinagwira ntchito ziwiri tsiku lomwelo: kupanga fulashi yoyatsira kompyuta kuti tiike Windows mwatsopano, ndi kukonza disiki yachiwiriyo. Ntchito iliyonse mwa ziwirizi ili ndi njira zingapo, ndipo chimene chimasankha njira yoyenera ndi zaka za makina anu, kuchuluka kwa bandulo imene mungakwanitse, ndiponso makina ena amene adzawerenga disikiyo m'tsogolo.

Mawu oti boot disk, kutanthauza disiki yoyatsira kompyuta, anayamba m'masiku a floppy, kadisiki ka 1.44 MB kamene kankalowetsedwa kutsogolo kwa kompyuta. Amene anagwirapo Windows 98 akukumbukira kuti munthu ankayatsa makina ndi kadisiki kameneka, n'kulemba fdisk kuti agawe hard drive, kenaka format kuti aikonze, zonsezi pasikirini yakuda yopanda chithunzi chilichonse. Cholinga chake sichinasinthe. Kompyuta siingafufute disiki imene ikuidalira pa nthawi yomweyo, monga momwe mayi wozira m'nyumba amayamba watulutsa katundu panja, choncho pamafunika chinthu chakunja choti makina ayambirepo kuti hard drive ya mkati ikhale yomasuka.

Za DVD sindichedwapo. DVD wamba imatenga 4.7 GB, pamene fayilo ya ISO ya Windows 11, ndiye kuti fayilo imodzi yosunga zonse zoikira Windows, imapitirira 5 GB, kotero kuti pamafunika DVD ya 8.5 GB, komanso malaputopu ambiri a masiku ano alibe n'komwe polowetsa DVD. Ubwino wake ndi wakuti vairasi siingalembe kanthu pa DVD yowotchedwa kale. Kwa makina akale kwambiri amene sadziwa kuyambira pa USB, DVD ikadali ndi ntchito, koma kwa ena tonse nkhani ndi ya fulashi.

Mapulogalamu opangira fulashi

Njira imene Microsoft yenyeniyo inakonza ndi Media Creation Tool. Imafuna fulashi ya 8 GB kapena kuposa, imatsitsa yokha Windows pa intaneti, kenaka n'kuilemba pa fulashiyo popanda kukufunsani mafunso ovuta. Kwa munthu amene akuchita zimenezi koyamba, palibe njira yosavuta kuposa iyi, ndipo amakhala ndi mtima m'malo kuti Windows yake ndi yochokera kwa eni ake, osati ija yokopedwa kwa mnzake imene winawake analowetsamo zinthu zosadziwika. Vuto lake kuno ku Harare ndi bandulo. Kutsitsa Windows kumadya ma GB angapo, ndipo netiweki ikadukira pakati kapena magetsi akazima, kawirikawiri ntchito imayambiranso pachiyambi. Nchifukwa chake ndimalangiza kuti pulogalamuyi ikakufunsani ngati mukufuna fulashi kapena fayilo ya ISO, musankhe ISO, muisunge bwino, ndipo mwa fayilo imodziyo mudzapanga mafulashi ochuluka mmene mungafunire osalipiranso intaneti.

Munthu akakhala ndi ISO m'manja, Rufus ndiye imabwera patsogolo. Ndi kapulogalamu kakang'ono kaulere kamene Pete Batard anayamba kutulutsa mu 2011, ndipo kamagwira ntchito pa Windows pokha. Kamakufunsani zinthu ziwiri zimene Media Creation Tool imabisa: kagawidwe ka disiki, kaya GPT kapena MBR, ndiponso mtundu wa makina amene fulashiyo ikupita, kaya a UEFI kapena a BIOS yakale, imene ndi mitundu iwiri ya pulogalamu ya mkati yodzutsa kompyuta ikangoyatsidwa. Rufus imathetsanso vuto lina limene limasokoneza anthu ambiri okopera mafayilo pamanja. Makina ambiri a UEFI amayembekezera fulashi yofomatidwa ndi FAT32, imene ndi imodzi mwa njira zosanjira mafayilo pa disiki, koma FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, pamene fayilo yaikulu ya mkati mwa ISO ya Windows, yotchedwa install.wim, masiku ano imapitirira malire amenewa. Rufus imaika mafayilo pa njira ina yopanda malire amenewa yotchedwa NTFS n'kuwonjezera kachigawo kakang'ono kothandiza makina kuwerenga NTFS yo poyaka. Imathanso kuchotsa zija Windows 11 imaumirira, monga kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, Secure Boot imene imaletsa makina kuyambira pa pulogalamu yosavomerezeka, ndi RAM ya 4 GB. Zimenezi zimakopa anthu ambiri kuno, chifukwa makompyuta ochuluka ogulitsidwa ogwiritsidwa kale ntchito ndi akale kuposa amene Windows 11 imavomereza, ndipo Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Ingodziwani kuti Microsoft siilonjeza kuti makina oikidwa Windows 11 mwa njira yozembayi azilandira zokonza zonse m'tsogolo. Chofooka cha Rufus n'chakuti imafufuta fulashi yonse nthawi iliyonse, ndipo fulashi imodzi imanyamula ISO imodzi.

Ventoy, imene inatuluka mu 2020, inatembenuza kachitidweka. Mumaiika pa fulashi kamodzi kokha, ndipo imagawa fulashiyo pawiri: kachigawo kakang'ono koyatsira ndi chigawo chachikulu cha exFAT. Kuyambira pamenepo mumangokopera mafayilo a ISO m'chigawo chachikulucho monga mukoperera nyimbo, ndipo poyatsa kompyuta pamabwera mndandanda woti musankhe imene mukufuna. Fulashi yanga ya 32 GB imene ndimayenda nayo mu kombi ili ndi Windows 10, Windows 11, Linux Mint ndi pulogalamu yogawira madisiki ya GParted, ndipo imayatsa makina a BIOS ndi a UEFI omwe. Kwa aliyense amene amakonzera anthu makompyuta, kaya pa kauntala ku Gulf Complex kapena kunyumba kwa achibale Loweruka, ine ndimaona kuti palibe yofanana nayo. Ili ndi zovuta ziwiri. Pa makina amene Secure Boot ndi yoyatsidwa, ulendo woyamba pamabwera sikirini yabuluu yofuna kuti muvomereze kiyi ya Ventoy, ndipo munthu wosazolowera amaganiza kuti makina awonongeka. Chachiwiri, popeza malo otsala amalandira mafayilo wamba, pamakhala chiyeso chopita nayo fulashi yomweyo kosindikizira makalata, kumene imakatenga vairasi.

Kulinso balenaEtcher, imene imagwira pa Windows, pa Mac ndi pa Linux, komanso lamulo la dd kwa ogwiritsa Linux. Zonsezi zimalemba ISO pa fulashi mmene ilili, ndipo zimachita bwino ndi ma ISO a Linux, koma si njira yopangira fulashi ya Windows. Mukamaliza kulemba, Windows ikhoza kunena kuti fulashiyo ikufunika kufomatidwa, ndipo muyenera kukana, chifukwa mukavomera mwafufuta ntchito yonse. Lamulo la dd silifunsa kawiri, moti kulakwitsa chilembo chimodzi pa dzina la disiki kumalembetsa ISO pa hard drive yanu.

Njira zonsezi zimalephera ngati fulashiyo ndi yachinyengo. Mumsewu mumapezeka mafulashi olembedwa 64 GB pamene malo enieni ndi ochepa kwambiri, ndipo amaoneka ngati akulandira mafayilo mpaka pamene Windows yakana kupitirira pakati pa ntchito. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso zimene kalemba, ndipo kamaulula bodzalo.

Funso la UEFI ndi BIOS si lovuta mmene limamvekera. Ngati kompyuta ikuyakabe, lembani msinfo32 pa malo ofufuzira a Windows, ndipo pamzere wa BIOS Mode mudzaona UEFI kapena Legacy, ndiye kuti BIOS yakale. Makina ambiri opangidwa kuyambira cha mu 2012, nthawi ya Windows 8, ali ndi UEFI. Pa Rufus, makina a UEFI amayenda ndi GPT, ndipo a Legacy amayenda ndi MBR. Mukasemphanitsa, fulashi siioneka pa mndandanda woyatsira, kapena Windows imakana disiki ponena kuti kagawidwe kake si koyenera. Mndandanda woyatsirawo umabwera mukadina batani lake makina akungoyaka kumene: F12 pa Dell ndi pa Lenovo zambiri, F9 pa HP, ndipo pa Asus kawirikawiri ndi Esc kapena F8.

Zulani kaye chingwe cha disiki yachiwiri

Apa ndi pamene ntchito ziwiri zija zimakumana, ndipo ndi pamene ndaona anthu akulira kwambiri. Poika Windows, sikirini yosankhira disiki siionetsa C: kapena D:. Imaonetsa Drive 0 ndi Drive 1 pamodzi ndi kukula kwake basi, ndipo ngati madisiki awiriwo ndi ofanana kukula, munthu amafufuta yolakwika mosazindikira. Ngozi ina ndi yobisika kwambiri. Ngati pa disiki yachiwiri pali kale kachigawo koyatsira kotsalira ku makina ena, Windows ikhoza kuika mafayilo ake oyatsira pamenepo pamene yonseyo ili pa disiki yoyamba. Zinthu zimayenda bwino miyezi ingapo, koma tsiku limene mudzachotse kapena kufomata disiki yachiwiriyo, kompyuta imakana kuyaka. Mankhwala ake salira ndalama. Zimitsani makina, tsegulani bokosi, zulani chingwe chopyapyala cha SATA ku disiki yachiwiri, ikani Windows, ndipo mukamaliza bwezerani chingwecho. Pa laputopu imene disiki yachiwiri inaikidwa mu kabokosi kotchedwa caddy, pamalo pamene panali DVD, ndi nkhani yongomasula sikuluwu imodzi n'kusolola.

Kufomata: Disk Management, diskpart kapena GParted

Kwa disiki yatsopano, Disk Management ya mu Windows ndi yokwanira. Mumaipeza podina batani lakumanja la mausi pa Start. Ikatseguka imazindikira disiki yosakonzedwa n'kufunsa ngati mukufuna MBR kapena GPT, kenaka disikiyo imaoneka ndi mzere wakuda wolembedwa Unallocated, ndipo mukasankha New Simple Volume imakutsogolerani mpaka kuipatsa chilembo ndi dzina. Tili pamenepa bambo mlembi anaweramira pasikirini, magalasi ali pamphuno, n'kunena kuti: "Taona, mwana wanga, alemba 931 GB. Ine ndalipira 1 TB. Zinazo zapita kuti?" Palibe anawabera. Opanga madisiki amawerengera m'magulu a 1000, pamene Windows imawerengera m'magulu a 1024, choncho disiki ya 1 TB imaoneka 931 GB ndipo ya 500 GB imaoneka 465 GB.

Pakati pa MBR ndi GPT, ine ndimasankha GPT pokhapokha patakhala chifukwa chenicheni. MBR ndi ya mu 1983, siiona malo opitirira 2 TB, ndipo imalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha. GPT imalola zigawo 128 pa Windows, ndipo imasunga kope lachiwiri la ndondomeko ya zigawo kumapeto kwa disiki, kotero kuti koyambirira kukawonongeka pamakhala pothawira. Anthu ena amaopa kuti makina a BIOS yakale salandira GPT, koma lamulo limenelo limakhudza disiki yoyatsira Windows yokha. Disiki yongosungira mafayilo ikhoza kukhala ya GPT ngakhale pa makina akale a Windows 7. MBR isungireni disiki imene idzalumikizidwa ku Windows XP kapena ku wailesi ya kanema yakale imene siidziwa GPT.

Disiki yochotsedwa mu kompyuta ina imabwera ndi tizigawo totetezedwa timene Disk Management imakana kufufuta. Apa ndi pamene diskpart imagwira ntchito. Mumatsegula Command Prompt, zenera lakuda lolembamo malamulo, ngati administrator, n'kulemba diskpart, kenaka list disk kuti muone madisiki onse ndi kukula kwake, kenaka select disk ndi nambala ya disiki yachiwiriyo, n'kulemba clean. Mawu amodzi amenewa amachotsa zigawo zonse m'kanthawi kochepa osafunsa ngati mwatsimikiza, choncho ine ndimalembanso list disk ndisanalembe clean kuti ndione pamene pali kanyenyezi kosonyeza disiki yosankhidwa. Malamulo otsatira ndi convert gpt, create partition primary, format fs=ntfs quick, ndi assign. Ubwino wina wa diskpart ndi wakuti imapezeka ngakhale Windows itafa, chifukwa mukayatsa ndi fulashi ya Windows n'kudina Shift pamodzi ndi F10, Command Prompt imatseguka pomwepo.

GParted ndi ya anthu amene akufuna kuona ndi maso asanadule. Imayambira pa fulashi, imajambula zigawo zonse ngati timabokosi, ndipo zonse zimene mwasankha zimangodikira pamzere mpaka mutadina Apply, kotero kuti mukazindikira kulakwitsa mukhoza kubwerera. Imachepetsa, kukulitsa ndi kusuntha zigawo, ndipo imadziwa ext4 ya Linux imene Windows siiwerenga. Kwa disiki imodzi yopanda kanthu ndi chida chachikulu kuposa ntchito, koma kwa makina a Windows ndi Linux pamodzi ndi yofunika kukhala nayo.

NTFS, exFAT, FAT32 kapena ext4

Musanasankhe apa, dzifunseni kuti ndi makina ati adzawerenga disikiyi. Ngati ikhala mkati mwa kompyuta ya Windows moyo wake wonse, yankho ndi NTFS, imene yakhalapo kuyambira 1993. Chimene chimaipatsa mphamvu kwa ife ndi kabuku kamene imasunga, momwe imalemba zimene ikufuna kusintha isanazisinthe, kotero kuti magetsi akazima ntchito ili mkati, imadziwa pamene inalekera n'kukonza ndondomeko ya mafayilo makina akayakanso. Fayilo imene munali kulemba pa nthawiyo ikhoza kutayika, koma disiki yonse siisokonezeka kawirikawiri. M'madera athu a Mabvuku, Tafara kapena Mufakose, kumene magetsi amapita osatsanzika, mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa zina zonse. Mac imawerenga NTFS koma siilembapo popanda pulogalamu yowonjezera.

exFAT inabwera mu 2006, ndipo imawerengedwa ndi kulembedwa pa Windows, pa Mac ndi pa Linux za masiku ano, komanso ilibe malire a 4 GB aja. Ndi yabwino kwa disiki yoyenda, monga ija munthu amadzaza mavidiyo a ukwati n'kuipatsira wokwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete kuti akaonere achibale ku Blantyre, osadziwa kuti kumeneko akailumikiza ku makina otani. Koma ilibe kabuku kaja, ndipo ikazulidwa kapena magetsi akazima ikulemba, imasokonezeka msanga, choncho sindiiika pa disiki ya mkati. FAT32 yatsala ndi ntchito pa mafulashi a wailesi ya m'galimoto ndi zipangizo zakale, chifukwa vidiyo imodzi yaitali ya mwambo wa maliro imapitirira 4 GB mosavuta, ndipo bokosi lofomatira la Windows lakhala zaka zambiri likukana FAT32 pa chigawo choposa 32 GB. Ext4 ndi ya amene asamukira ku Linux kotheratu, ndipo nayonso ili ndi kabuku koteteza.

Kufomata kwachangu ndi kufomata kwathunthu

Quick format imatha m'masekondi ochepa chifukwa imangolemba ndondomeko yatsopano yopanda kanthu, pamene mafayilo akale amakhalabe pansi mpaka ena atalembedwa pamwamba pake. Nchifukwa chake mapulogalamu monga PhotoRec amatha kubweza zithunzi pa disiki yofomatidwa mwachangu, ndipo ngati mwafomata yolakwika, lekani kulembapo chilichonse nthawi yomweyo. Kufomata kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista, kumalemba ziro pa disiki yonse ndi kufufuza malo owonongeka, ndipo pa hard drive ya 1 TB kumatenga maola awiri kapena kuposa. Pa disiki yatsopano ya m'pepala lake ndiponso pa SSD, disiki yamakono yopanda zozungulira mkati, kwachangu n'kokwanira. Pa hard drive yogula kwa munthu wina, kapena imene mukufuna kugulitsa mutasungamo zinsinsi za anthu, kwathunthu ndiye koyenera. Magetsi akazima pakati mudzangoyambiranso, koma maolawo apita, choncho ndi ntchito yogwira usiku magetsi akabwera, kapena pamene pali sola ndi inverter.

Musanataye maola amenewo, funsani kaye disikiyo za umoyo wake. Hard drive iliyonse imasunga mbiri yake mu SMART, ndipo kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo kamaonetsa maola amene yagwira ntchito ndi kuchuluka kwa malo owonongeka amene yawasiya. Pakalembedwa Good mu mtundu wabuluu pitirirani, koma pakalembedwa Caution mu chikasu, ibwezeni kwa wogulitsa tsiku lomwelo, chifukwa kufomata sikuchiritsa disiki imene yayamba kufa. Ya bambo mlembi inaonetsa Good, koma maola ake anasonyeza kuti inagwirapo kale ntchito kwina ngakhale inali m'pepala lonyezimira, ndipo n'chimene chinatipangitsa kusankha kufomata kwathunthu.

Pa makina a mpingowo tinachita motere. Tinayamba takopera kaundula ndi zithunzi zonse pa disiki yakunja, tinazula chingwe cha disiki yatsopano, tinaika Windows kuchokera pa fulashi ya Ventoy, kenaka tinabwezera chingwecho n'kukonza disikiyo ndi GPT ndi NTFS, kufomata kwathunthu kukuyenda pa sola ya m'tchalitchi pamene ife tinali kumwa tiyi panja. Ndinawauzanso kuti madisiki awiri okhala m'bokosi limodzi amapsa limodzi mphezi ikagwa m'mawaya nthawi ya dzinja, ndipo wakuba amanyamula onse pamodzi, choncho disiki yakunja ija tsopano imagona kunyumba kwa msungichuma ndipo imabwera kuofesi Lamlungu loyamba la mwezi. Disiki yatsopanoyo anaipatsa dzina loti KAUNDULA, ndipo pa fulashi imene ndinawasiyira anamatapo kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo kuti: "Osapita nayo kosindikiza."